Kodi Adazungulira Dziko Ndani? Mwininkhani ndi Wantchito m'Kanema wa *Around the World in 80 Days*

M'nkhani yino ndifuna kukamba za kanema mmodzi wa ku America wa chaka cha 1956, wotchedwa *Around the World in 80 Days*, ndi za m'mene akuluakulu ena olankhula Chicheŵa a ku Redcliff, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, adamlongosolera m'chinenero chao. Mwina anzanga ena pamsonkhano uno adabwa kuti munthu wa maphunziro a zinenero za Chibantu akutayira nthaŵi pa chithunzithunzi chanthabwala cha Azungu. Yankho langa nlakuti kanemayu, ngakhale amaoneka ngati wa maulendo ndi phwete chabe, watsamira pa funso la chinenero: ndani ali ndi mau, ndani ali ndi manja, ndipo pomaliza ndani amaikidwa kukhala mwininkhani wa chiganizo. M'Chingerezi funsoli limatha kuzembedwa, koma wofotokoza nkhaniyi m'Chicheŵa amakumana nalo pa mneni aliyense.

Kanemayu adachokera m'buku la Jules Verne, mlembi wa ku France, limene lidayamba kutuluka m'nyuzipepala m'chaka cha 1872 nkusindikizidwa lathunthu mu 1873. Mngerezi wina wachuma, Phileas Fogg, abetcherana ndi anzake a ku Reform Club mu London mapaundi 20,000 kuti angathe kuzungulira dziko lapansi m'masiku 80. Anyamuka pa 2 Okutobala 1872 ndi wantchito wake watsopano, Passepartout, ndipo ayenera kubwerera pa 21 Disembala. Verne sadalembe zamaloto ai. Ngalande ya Suez idatsegulidwa mu 1869, njanji yodutsa America kuchokera kunyanja ina kufika kunyanja inzake idatha chaka chomwecho, ndipo njanji za ku India zidalumikizana mu 1870. Panjira wapolisi wofufuza, dzina lake Fix, aganiza kuti Fogg ndiye adaba mapaundi 55,000 ku Bank of England, ndipo amlondola mpaka kumgwira ku Liverpool. Fogg afika kwao akuyesa kuti waluza, osadziŵa kuti poyenda cha kum'maŵa wapindula tsiku lathunthu.

Amene adasonkhanitsa ndalama ndi anthu opangira kanemayu ndi Mike Todd, wotsogolera adali Michael Anderson, ndipo mau ake adalemba James Poe, John Farrow ndi S. J. Perelman. David Niven ndiye Fogg, Shirley MacLaine ndiye Aouda, mkazi wa ku India wopulumutsidwa kumoto, Robert Newton ndiye Fix, pamene Passepartout ndi Mario Moreno wa ku Mexico, wodziŵika ndi dzina loti Cantinflas. Kanemayu adalandira mphoto zisanu za Oscar, kuphatikizapo ya kanema wopambana onse m'chakacho.

Mphotozo zisatitseke m'maso. Kanemayu amatenga pafupifupi maola atatu, ndipo mbali yaikulu ya nthaŵiyo woonera amangoyang'ana mapiri, nyanja ndi kuloŵa kwa dzuŵa, nyimbo za Victor Young zikulira. Todd adali ndi makina atsopano ojambulira zithunzi zazikulu, a Todd-AO, ndipo adafuna kuti anthu aone m'mene makinawo angachitire, monga munthu wogula njinga yatsopano amazungulira nayo mudzi wonse popanda kumene akupita. Adadzazamonso anthu otchuka oonekera kamphindi chabe: Frank Sinatra akuimba piyano m'nyumba ya moŵa, Buster Keaton ngati kondakitala wa sitima, Marlene Dietrich, Noël Coward ndi ena ambirimbiri. Phwete la zimenezi lili pa kuizindikira nkhopeyo. Kwa munthu wosawadziŵa anthuwo palibe choseketsa, ndipo lero, patapita zaka zonsezi, osawadziŵa ndiwo achuluka. Chimene chikali ndi moyo m'kanemayu ndi Cantinflas.

Tsono apa mpamene nkhani ya chinenero ikuyambira. Kwao ku Mexico, Cantinflas adatchuka ndi lilime. M'makanema ake a Chisipanishi, monga *Ahí está el detalle* wa 1940, iye amakhala mmphaŵi wa m'tauni amene akagwidwa ndi wapolisi, woŵeruza kapena munthu wachuma, amayankha ndi mau ochuluka osafika pamfundo: ayamba chiganizo osachimaliza, abwereka mau akuluakulu a anthu ophunzira nkuwaika posayenera, mpaka wofunsayo asokonezeka mutu. Kalankhulidwe kameneka kadakhazikika kotero kuti mu 1992 bungwe losamala Chisipanishi, la Real Academia Española, lidaloŵetsa mneni *cantinflear* m'buku lake lotanthauzira mau. Ife m'Chicheŵa timati kulankhula mozungulira. Ndi chida cha munthu wopanda mphamvu pamaso pa wamphamvu, ndipo aliyense amene adaonapo mlandu wa pabwalo la mfumu akuchidziŵa. Koma Chingerezi cha Cantinflas chidali chochepa, ndipo m'kanema wa Todd chida chimenechi adamlanda. Munthu amene luso lake lidali kuzungulira ndi mau adamtuma kukazungulira dziko, mau atawasiya kunyumba.

Olemba kanemayu adabwezera chotayikacho ndi thupi. M'buku Passepartout ndi Mfalansa, ndipo ulendo sudutsa ku Spain. M'kanema adaonjezamo Spain kuti Cantinflas avine ndiponso kuti aloŵe m'bwalo kukalimbana ndi nkhunzi, seŵero limene iye ankalichitadi mwanthabwala kwao. Adaonjezamonso chibaluni, chimene anthu ambiri amayesa kuti chili m'buku pamene Fogg wa Verne sadakwerepo. Tiona wantchitoyu akuloŵa mu London pa njinga ya gudumu lalikulu kutsogolo, akutapa chipale chofeŵa pansonga ya phiri kuti aziziritse vinyo wa mbuye wake, akukhala m'malo mwa mtembo pamulu wa nkhuni ku India kuti apulumutse Aouda, akuchita maseŵera a kuunjikana pamapewa ku Yokohama, akugwidwa ndi anthu a mtundu wa Sioux ku America. Fogg alamula ndi kulipira. Nzosadabwitsa kuti m'maiko a Latin America dzina la Cantinflas ndilo lidaikidwa patsogolo polengeza kanemayu, ndiponso kuti mphoto ya Golden Globe ya mwamuna wochita bwino m'kanema wanthabwala idapita kwa iye.

Ine kanemayu ndidayamba kumuona ku Redcliff, kumene ndidakulira. Tauniyi ili pafupi ndi Kwekwe, ndipo idamangidwa chifukwa cha chitsulo. Boma la Southern Rhodesia lidakhazikitsa bungwe la Rhodesian Iron and Steel Commission mu 1942, ng'anjo za ku Redcliff zidayamba ntchito mu 1948, kampani idakhala RISCO mu 1957, kenaka ZISCO dziko litalandira ufulu mu 1980, mpaka ntchito yopanga chitsulo idaima mu 2008. Monga m'migodi ina ya ku Midlands, ya golide ku Kwekwe ndi ya kromu ku Shurugwi, antchito ambiri a m'zaka zoyambazo adachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete. Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950. Asadaloŵe ntchito ya zitsulo adagwirapo ukhukhi kwa Mzungu wina zaka zingapo, monga adachitira Amalaŵi ambiri m'dzikomo. M'lokeshoni ya Torwood, m'mene tinkakhala, Chicheŵa chinkamveka pamaliro, kutchalitchi ndi kudambwe, pambali pa Chishona ndi Chindebele.

Mbadwo wa agogowo udali ndi kaoneredwe kakekake ka bayisikopo. Bungwe la Central African Film Unit, limene lidagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1963 m'maiko atatu a chitaganya chija, linkatumiza zithunzithunzi zake pagalimoto pamodzi ndi wotanthauzira, amene ankaima pambali nkumafotokoza m'chinenero cha anthu. Makanema a ku America oonetsedwa m'makomboni a migodi ankayamba adulidwadulidwa ndi boma, kotero kuti nkhani yake siinkalondoleka, ndipo oonera ankadzilukira okha nkhani mofuula. Hortense Powdermaker, amene adachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, adalemba m'buku lake *Copper Town* la 1962 kuti oonera kumeneko ankamutcha Jack ngwazi iliyonse ya m'makanema a makauboyi. Motero kwa anthu ameneŵa kuonera kanema kudali kuyang'ana manja a oseŵera ndi kumva mau a mnzako wokhala naye pafupi.

Cha m'ma 1990, ndili mnyamata wa kusekondale, munthu wina adabwera ndi tepi ya vidiyo ya kanemayu kunyumba kwathu. Padali agogo ndi anzao atatu opuma pantchito. Ine adandiika kukhala wotanthauzira chifukwa cha Chingerezi changa cha kusukulu, koma mphindi makumi aŵiri zisadathe agogo adati, “Iwe, takhala chete, ukutichedwetsa. Tikuona tokha.” Ntchitoyo adailanda mnzao wina wa ku Ntcheu. Fogg adamutcha Bwana Wotchi, ndipo Passepartout adamutcha Kalulu. Zimene adanena usiku umenewo ndimazikumbukira mwa zidutswa, ndipo sindikuzipereka ngati kafukufuku woŵerengeka. Komabe zidutswazo zikuonetsa zinthu ziŵiri zimene Chicheŵa chimamkakamiza womasulira kuchita.

Choyamba ndi mloŵam'malo. M'Chingerezi Fogg ndi wantchito wake amaitanana ndi liu limodzimodzi loti *you*, ndipo kusiyana kwao kumabisala m'mau aulemu ndi m'kamvekedwe ka mau. Niven ndi katswiri pamenepa: amalamula mofatsa ngati akupempha. Wofotokoza m'Chicheŵa sangabise. Ayenera kusankha pakati pa *iwe* ndi *inu*, pakati pa *tenga* ndi *tengani*. Mkulu wa ku Ntcheu uja sadazengereze. Pakamwa pa Fogg adaikapo “Iwe, nyamula chikwama,” ndipo pakamwa pa Kalulu adaikapo “Ndamva, bwana, monga mwanenera.” Ulemu wonse wa Niven udasungunuka, nkutsala kanenedwe kolamula. Kodi kumeneku nkumasulira kolakwa? Ine ndikuti ai. Ndiko kumva kwa munthu amene adalamulidwapo m'Chilapalapa, chinenero cha m'migodi ndi m'khichini chimene ku South Africa amachitcha Fanagalo. Desmond Cole, polemba za chinenerochi mu 1953, adapeza kuti mwa mau 100 alionse pafupifupi 70 ngochokera ku zinenero za Chinguni, 24 ku Chingerezi ndi 6 ku Afrikaans. Agwirizanitsi a magulu a maina mulibe, ndipo mdala wa imvi amangoitanidwa *wena* ngati kamwana. Mau a Chilapalapa amene agogo ankawakumbukira msanga adali *buya lapa*, *hamba*, *faka*, onse olamula. Khutu lozoloŵera zimenezi limamva lamulo ngakhale litakutidwa m'nsalu yofeŵa.

Chachiŵiri, chimene ndikuchiyesa chachikulu, ndi msintho wa aneni. Mutu wa kanemayu ndi chiyembekezo cha woonera wa ku London zikugona pa chiganizo ichi:

(1) Bwana adazungulira dziko.

Akuluakulu aja sadachinene chiganizo chimenechi. Zimene ndidamva ndi zamtundu uwu:

(2) Kalulu wamzungulitsa dziko bwana uja.

(3) Bwana wazungulitsidwa dziko lonse atavala chipewa.

(4) Kalulu wamvinira, wammenyera nkhunzi, tsopano wampulumutsira mkazi.

M'chiganizo (2) muli msintho womchititsa, *-its-*, ndipo mwininkhani wasintha: wochita ndi wantchito, pamene bwana watsikira pamalo a pamtherankhani. Tisaiŵale kuti *kuzungulitsa* munthu kulinso ndi tanthauzo lina, la kumuyendetsa uku ndi uku monga amachitira makalaliki a m'maofesi. Choncho mosadziŵa, akuluakulu a ku Torwood adambwezera Cantinflas luso lake lija la ku Mexico limene Todd adamlanda. M'chiganizo (3) bwana wabwerera pamalo a mwininkhani, koma kudzera mu msintho wochitidwa, *-idw-*, wosanjikizidwa pa womchititsa. Ali patsogolo pa chiganizo monga m'mene aliri patsogolo pa chikalata cholengeza kanemayu, koma sakuchita kanthu.

Chiganizo (4) nchofunika kuchiyang'anitsitsa. Muli msintho womchitira, *-ir-* kapena *-er-*, katatu kondondozana. Kumeneku ndiko kufotokoza kwenikweni kwa ntchito ya m'nyumba: kuphikira, kuchapira, kusitira, kutungira. Odziŵa ntchito za Sam Mchombo ndi Alex Alsina pa msintho umenewu akumbukira kuti m'Chicheŵa, mneni womchitira akakhala ndi apamtherankhani aŵiri, wochitiridwayo ndiye amatenga malo oyamba. M'mau oti *wampulumutsira mkazi*, ka *-m-* kakuloza bwana, osati mkaziyo. Tikasandutsa chiganizochi kukhala chochitidwa, tingathe kunena (5), koma (6) khutu la Mcheŵa limakana:

(5) Bwana wapulumutsiridwa mkazi.

(6) *Mkazi wapulumutsiridwa bwana.

Lamulo la galamala silidapangidwire kanemayu, komabe likufanana modabwitsa ndi m'mene nkhani yake idalukidwira. Aouda ndi chinthu chodutsa kuchokera m'manja mwa wantchito kupita kwa mbuye. Wamchotsa pamoto ndi Passepartout, koma wokwatira ndi Fogg. Ndipo pomvalika MacLaine, mtsikana wa ku America, zovala za Chimwenye, opanga kanemayu adaonetsa kuti za iye ngati munthu wa kwinakwake sadaziganizire kwenikweni.

Pano ndiyenera kutsutsana pang'ono ndi akuluakulu anga, pakuti kaonedwe kao kadali ndi pobisika pakenso. Fogg sali chidole. Ndiye amene adagamula kuti aime ku India kuti mkaziyo apulumutsidwe, ndipo Passepartout atagwidwa ku America, Fogg adasiya sitima kupita, kubetcha kwake kuli pangozi, nkubwerera kukamfuna. Pamenepo ndi pokhapo pamene Chicheŵa chikadalola msintho wochitirana, kuti aŵiriŵa adapulumutsana. Mkulu wa ku Ntcheu adangoti, “Akufuna chikwama chake.” Onse adaseka, koma adamlakwira Fogg. Komanso nthabwala zabwino za Perelman, zoseka Angerezi chifukwa cha kupembedza nthaŵi ndi mwambo, zili m'mau, ndipo zidawadutsa onse. Kanemayu amaseka mbuye koposa m'mene akuluakuluwo adaganizira. Kusiyana kwake nkwakuti iye amamseka mwachikondi, monga munthu amasekera amalume ake, pamene iwo ankamseka munthu amene adamdziŵa kuchokera kukhomo la kukhichini. M'buku, Fogg adachotsa wantchito wake woyamba chifukwa chobweretsa madzi ometera ofunda madigiri 84 m'malo mwa 86 pa muyeso wa Fahrenheit. Nditawauza zimenezi agogo, sadaseke. Adati iwo adadulidwapo malipiro a sabata chifukwa cha kapu imene adaswa ndi mwana wa bwana.

Pali chinanso chimene akuluakuluwo adachiona msanga kuposa ine. Dzina loti Passepartout m'Chifalansa litanthauza wodutsa paliponse, ndipo limanenedwanso za kiyi wotsegula zitseko zonse. M'buku, Fogg atafika ku Suez apita kwa woimira boma la Britain kukadinditsa pasipoti yake, ngakhale auzidwa kuti nzosafunika. Iye angofuna umboni woti adadutsadi pamenepo. Kwa iye chidindo nchokometsera ulendo. Kwa anthu amene adabwera pa malole a Ulere kapena kudzera kwa Mthandizi, chitupa chidali mpanda: chinkanena kumene munthu angagone ndi amene angamgwirire ntchito. Ulendo wao wa ku Halale, umene ambiri adauyesa wa zaka ziŵiri, udawasandutsa machona. Mu 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe litasinthidwa, ana ao ambiri obadwira komweko adapezeka akuŵerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo ao adachokera m'maiko a SADC. Munthu wotuluka pakhomo pake nkubwerera pa tsiku ndi ola limene adalonjeza, kwa iwo ndiye chidali chodabwitsa chenicheni cha kanemayu, kuposa chibaluni ndi njovu. Agogo adafunsa kaŵiri ngati adabwereradi.

Za Africa m'kanemayu palibe zambiri zonena, pakuti dziko lapansi la Verne ndi Todd limangoikhudza pa Suez nkupitirira. Chochititsa chidwi ndi nthaŵi yake. Pomaliza, Aouda aloŵa mu Reform Club, m'mene akazi sankaloledwa, ndipo Fogg mwiniwake adandaula kuti ameneŵa angakhale mathero a ufumu wa Britain. Kanemayu adayamba kuonetsedwa ku New York pa 17 Okutobala 1956. Mwezi womwewo usadathe nkhondo ya Suez idabuka, ndipo Britain adachokako mwamanyazi. Kalabuyo idayamba kulandira akazi mu 1981.

Zithunzi za Saul Bass za kumapeto zikuyenda, mkulu wa ku Ntcheu adafunsa funso limene kanemayu sayankha: “Nanga Kalulu ampatsa zingati?” Ndidalipeza yankho patapita zaka, nditaŵerenga bukulo kukoleji, agogo atamwalira kale ndi kuikidwa ku Redcliff komweko. Verne akuti ulendowo udadya pafupifupi mapaundi 19,000, ndipo mapaundi 1,000 otsala Fogg adagaŵira Passepartout ndi Fix, wapolisi yemwe adamgwira uja. Koma pa tsiku lonyamuka, m'chipwirikiti cha kulongedza katundu wa mbuye wake, Passepartout adaiŵala kuzimitsa nyali ya gasi m'chipinda chake. Pa gawo lake Fogg adachotsapo mtengo wa gasi amene adayaka maola 1,920.